Uthenga wa maliro ukamakwiririka pagulupu ya WhatsApp: zoyenera kuchita maadimini a muno mu Joni

Vuto ili likungobwerabwera m'magulupu a Amalawi muno mu Johannesburg, kaya a bungwe la maliro, a chipeleganyu, a mpingo kapena aja a anthu ochokera boma limodzi: uthenga umene gulupu inatsegulidwira sukufika kwa eni ake. Mlembi alemba 5 koloko m'mawa kuti m'bale wathu watisiya usiku wathawu, aliyense apereke chipepeso pofika Lachinayi chifukwa thupi linyamuka Loweruka. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, amene bwana wake safuna kuona foni m'manja nthawi ya ntchito, atsegula WhatsApp masana n'kupeza mauthenga mazanamazana. Aliyense walemba "RIP" wakewake. Pali masitika a kandulo, chithunzi cha maluwa cha "Mwadzuka bwanji", vidiyo ya ulaliki ya mphindi 12, wina akutsatsa chipinda cha renti ku Rosettenville, transipota akuti galimoto ya ku Mangochi inyamuka Lachisanu ndipo malo a mafuliji adakalipo, ndiye anyamata awiri agwirana pakhosi za Bullets ndi Wanderers. Mayi uja angoti ndiwerenga madzulo. Madzulo atsika takisi ali wefuwefu, agona. Loweruka akumva dzina lake likuwerengedwa pamndandanda wa osasonkha.

Zikatere adimini amapsa mtima. Amajambula voice note yaitali yokalipa n'kuchotsa anthu atatu amene amutopetsa kwambiri. M'mawa mwake msuweni wa mmodzi wawabwezeramo, ena akatsegula gulupu yawoyawo n'kuitcha "Original", ndipo sabata isanathe phokoso lili pomwe lija. Kukalipa sikuthandiza chifukwa ambiri odzaza gulupu sakuchita mwano ayi. Wa "RIP" akupepesa, wa maluwa akupereka moni, transipota akusaka ya ndiwo ya ana ake. Cholakwika n'chakuti zonsezi zaunjikidwa malo amodzi ndi nkhani ya thupi la munthu.

WhatsApp sikuwerengerani mauthenga

Maadimini ambiri amafunsa kuti batani loletsa munthu kupyola mauthenga 5 patsiku lili pati. Pa WhatsApp palibe. Telegram ndiyo ili ndi "slow mode", imene imadikiritsa munthu masekondi 30, mphindi 5 ngakhale ola lathunthu asanatumize uthenga wina. Koma kusamutsa bungwe lonse kupita ku Telegram n'kudzivuta chabe. Bandulo yotchipa imene ambiri amagula, kuno ngakhale kumudzi pa Airtel ndi TNM, ndi ya WhatsApp, ndipo achikulire a ku Mzimba amene amatsatira nkhani za mwana wawo pafoni ya mdzukulu sangayambe kuphunzira zina lero.

Malire amene WhatsApp inaika ndi a kufowada basi. Kuyambira 2019 uthenga sungaufowade kwa anthu kapena magulupu opitirira 5 nthawi imodzi, ndipo kuyambira Epulo 2020 uthenga wa mivi iwiri, uja wolembedwa "Forwarded many times", umapita malo amodzi okha panthawi. Zimenezi zimangochedwetsa munthu. Wa khama amautumizabe kumodzikumodzi mpaka magulupu ake onse atakwana. Komanso kuyambira kumapeto kwa 2022 gulupu imodzi imatha kunyamula anthu 1,024, moti ambiri anasiya kusamala za amene akulowa. Muwerengere nokha: m'gulupu ya anthu 300, aliyense akalemba mawu amodzi okha opepesa, uthenga wa mlembi wapita kale mtunda wa mauthenga 300.

Ndiye malirewo muyenera kupangana nokha. Ndipo pokapangana pake ndi pamsonkhano wa pamwezi, anthu akuonana nkhope, mlembi n'kulemba m'buku la bungwe. Lamulo lolembedwa ndi adimini yekha pakati pa usiku atakwiya limafa m'mawa mwake, chifukwa woyamba kuliphwanya amangofunsa kuti tinagwirizana liti.

Gawani gulupu pawiri

Ngati pali chinthu chimodzi chokha chimene mungachite sabata ino, chitani ichi. Gulupu imene ilipoyo isiyeni ikhale yocheza, anthu anaizolowera kale. Tsegulani ina ya zidziwitso zokhazokha, mmene olemba ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma basi. Kuitseka kwake sikuvuta: dinani dzina la gulupu pamwamba, pitani pa "Group permissions", zimitsani "Send new messages". Ngati WhatsApp yanu ndi yakale mupeza "Send messages", pamenepo musankhe "Only admins". Pomwepo zimitsaninso "Edit group settings" kuti wina asamasinthe dzina ndi chithunzi cha gulupu timu yake ikawina. Amene ali ndi magulupu angapo, monga la amayi, la achinyamata ndi la komiti, akhoza kuwasonkhanitsa pansi pa "Community", imene imabwera ndi malo ake a zolengeza olembamo maadimini okha. Koma kwa bungwe laling'ono magulupu awiri wamba akwana.

Mudzamva madandaulo akuti mwatitseka pakamwa, ndalama ndi zathu. Dandaulo limeneli musalinyoze, muli nzeru. Yankho lake aliyense amalidziwa kuchokera kumudzi: pamaliro anthu amacheza usiku wonse pamoto, nkhani za mpira ndi za ndale zomwe, koma ikafika nthawi ya zolengeza amaimirira ndi mmodzi, enawo chete. Macheza sanaletsedwe, angopatsidwa malo ake.

Chimene chimagwetsa dongosololi ndi nkhani ya ndalama. Munthu akatumiza chipepeso pa Capitec kapena pa eWallet amafuna onse aone kuti wapereka, ndiye amaponya umboni pagulupu yocheza, mmene msungichuma sauona. Panganani kuti umboni uzipita kwa msungichuma mwachindunji, iye aziponya mndandanda wa opereka kamodzi patsiku, nthawi yodziwika, mwina 8 koloko usiku. Mtima wa woperekayo umakhala pansi akaona dzina lake, ndipo amene dzina lake lasowa amadziwa woti amuimbire. Ndi njira yomweyinso imene imateteza nambala za akaunti za anthu kuti zisamangoonedwa ndi aliyense.

Pali tizida titatu timene ambiri sakutigwiritsa ntchito. Uthenga wa maliro muziupachika pamwamba ndi "Pin". Mumasankha maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndipo mukhoza kupachika mauthenga atatu nthawi imodzi. Mukafuna kudziwa amene apite kukaperekeza thupi, musafunse funso loti aliyense ayankhe "ine ndipita", ikani "Poll" anthu angodina. Ndipo wofuna kupepesa aphunzitsidwe kudina uthengawo kwa kanthawi n'kuikapo kachizindikiro ka manja opemphera. Mwini maliro amaona ndithu onse amene aikapo, koma uthenga susuntha pamalo pake. Akuluakulu ena amaona ngati kachizindikiro n'kupeputsa imfa. Amenewo auzeni kuti aimbire ofedwawo foni kapena apite kusiwa, ndiko kupepesa kwenikweni.

Ngati anthu akana magulupu awiri

Mabungwe ena amakanitsitsa. Zikatero gwiritsani ntchito wotchi. Batani lomwe lija la "Send new messages" limatsekeka ndi kutsekuka nthawi iliyonse, ndiye pakagwa zovuta tsekani gulupu kwa maola angapo uthenga utangoponyedwa, mulembe kuti mutsegula nthawi yakuti, ndipo nthawiyo ikakwana mutseguledi. Kutseka usiku uliwonse kumathandizanso, koma muganizire kuti muno si onse amagona usiku. Alonda ndi ogwira m'malesitilanti a ku Sandton ndi Rosebank mpata wawo wogwira foni ndi womwe ena ali mtulo. Mukatseka 8 koloko mwawachotsa m'bungwe mosadziwa. Ndi bwino kuchedwerako, ndipo nambala za maadimini zilembedwe pa "Group description" kuti wogwidwa ndi vuto usiku adziwe kogogoda.

Malonda musawaletse kotheratu, mudzalephera. Theka la gulupu likudya za geni yomweyo. Apatseni tsiku limodzi pasabata, munthu mmodzi uthenga umodzi, zithunzi zosapitirira ziwiri, ofuna zambiri akambirane kumbali. Matransipota tsiku lawo lizigwirizana ndi masiku amene magalimoto amanyamuka, apo ayi adzaliphwanya ndipo simudzawaimba mlandu. Zimene ine ndingaletse popanda kukambirana ndi malinki a "ikani R500 mulandire R5,000" ndi a ntchito zoyamba ndi kulipira.

Voice note ndiyo yovuta kuiweruza. Imadya nthawi, m'takisi yaphokoso simveka, ndipo sungaifufuze ngati mmene umafufuzira mawu olembedwa. Koma alipo anzathu amene kulemba kumawavuta, ndipo ena mwa iwo ndi amene salephera kusonkha mwezi ndi mwezi. Kuletsa voice note n'kuwauza kuti akhale chete mpaka kalekale. Ikani malire a mphindi imodzi, ndipo ikakhala ndi nkhani yofunika mlembi ailembe mwachidule m'munsi mwake. Chimodzimodzi chilankhulo: wa ku Nkhata Bay akacheza m'Chitonga, wa ku Machinga m'Chiyao, palibe mlandu pamacheza, koma chidziwitso cha ndalama ndi masiku chilembedwe m'chilankhulo chimene bungwe linagwirizana.

Za data yongotha, mankhwala ake ali m'foni ya mwini. Pa "Settings", pitani pa "Storage and data", pamene palembedwa "When using mobile data" chotsani zonse. Vidiyo izitsika pokhapokha mwaidina nokha. Pamsonkhano ukubwerawu wachinyamata mmodzi azungulire n'kukonzera achikulire onse, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Wophwanya lamulo akakhala munthu wamkulu

Apa ndi pamene maadimini ambiri amagwa mphwayi. Mnyamata wobwera chaka chatha akaponya vidiyo amadzudzulidwa pomwepo anthu onse akuona, koma abusa, ashehe kapena bambo amene anafika muno kalekale ndipo theka la gulupu linagonapo pabalaza pawo, akaponya mavidiyo 6 motsatizana aliyense amangoti zii. Anyamata amaona zimenezi, ndipo kuyambira tsiku limenelo lamulo latha mphamvu.

Wamkulu sadzudzulidwa pagulu, koma amauzidwa. Muimbireni, kapena mulembereni kumbali motere: "Bambo, mwaswera bwanji? Pepani ndakusokonezani. Mauthenga anu aja ndawaona, ndi othandiza ndithu, koma tili ndi zovuta zija ndiye anthu akulephera kupeza uthenga wa mlembi. Ndimati ndipemphe chilolezo chanu ndiwachotse kaye, muwaponyenso Lamlungu. Mukayamba inu kutsata, anawa sativuta." Munthu wopemphedwa chonchi kawirikawiri amachotsa yekha. Ngati adimini ndi wamng'ono kwambiri, atume wapampando kapena mnzawo wa msinkhu umodzi.

Kumbukirani kuti adimini akachotsa uthenga wa wina ndi "Delete for everyone", pamalopo pamatsala mawu osonyeza kuti wachotsa ndi adimini wakuti. Palibe kubisala. N'chifukwa chake kuyamba mwalankhula ndi mwini uthenga kuli bwino, kupatula zikakhala zolaula, zachipongwe kapena zoika moyo wa munthu pachiswe, zimene muyenera kuchotsa kaye n'kufotokoza pambuyo. Mpata wochotsera ndi wa masiku awiri okha, ukadutsa uthengawo wakhazikika.

Masitepe a chilango akhale odziwika kwa onse: koyamba kuuzidwa kumbali, kachiwiri chenjezo la komiti, kachitatu kutulutsidwa m'gulupu yocheza kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ndipo apa pali chinthu chimene ndimachiona chikusokonezedwa kawirikawiri. Kutulutsa munthu pa WhatsApp si kumuchotsa m'bungwe. Ngati wakhala akusonkha zaka zonsezi, ufulu wake woti thupi lake kapena la mwana wake lidzakafike kumudzi sungathe chifukwa cha masitika. M'gulupu ya zidziwitso asachotsedwemo, pokhapokha msonkhano utagamula za umembala wake motsata buku. Adimini amene amasakaniza ziwirizi amasandutsa batani chida choopsezera anzake, ndipo mabungwe ambiri amagawikira pamenepa. Komanso adimini asaweruze mkangano umene iye mwini ali nawo mbali, ausiyire mnzake.

Kuti wotulutsidwa asabwezedwe ndi achibale ake nthawi isanakwane, zimitsani "Add other members" pa "Group permissions" pomwe paja.

Mphekesera, zithunzi za malemu, ndi lamulo la dziko lino

Uthenga wakuti "musapite ku town lero, zavuta" sungauletse, chifukwa tsiku lina umapulumutsa munthu. Amene analipo mu Meyi 2008, pamene ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, sangaseke chenjezo lotere. Koma mu Seputembala 2019, ziwawa zenizeni zili mkati, munayendanso mavidiyo abodza, ina inali ya nyumba ikuyaka ku India koma ikufalitsidwa ngati ya muno. Vidiyo yotere ikafika kumudzi, mayi ako sagona, ndipo wina amajomba kuntchito n'kudulidwa ya tsikulo popanda chifukwa. Lamulo losavuta ndi la mafunso atatu: waona ndi maso ako kapena wangolandira, ndi malo ati enieni, ndipo ndi nthawi yanji. "Ndili pa Bree, apolisi atseka msewu, 10 koloko ino" ndi chenjezo. Vidiyo ya mivi iwiri yopanda tsiku idikire kaye adimini afunse membala amene amakhala dera limenelo. Ndipo pangozi yeniyeni woyamba kuimbiridwa ndi apolisi pa 10111 kapena nambala ya zangozi 112, gulupu pambuyo.

Chithunzi cha munthu atagona pamsewu kapena m'chipatala chisaponyedwe, ndipo dzina la womwalira lisatchulidwe akubanja asanauzidwe mwamwambo. Zimachitika kuti mkazi ku Mulanje amamva za imfa ya mwamuna wake pa status ya munthu wosamudziwa n'komwe. Chimodzimodzi zithunzi za mapasipoti, mapepala a asylum, ndi mawu onena kuti uje alibe mapepala kapena amagona nyumba yakuti. N'zoona kuti mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa panjira, koma screenshot imatuluka m'gulupu mphindi yomweyo.

Lamulo la South Africa silisewera pa zimenezi. Cybercrimes Act ya 2020, imene zigawo zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021, imati ndi mlandu kutumiza uthenga wolimbikitsa ziwawa kapena kuwononga katundu, woopseza munthu, kapena chithunzi cha maliseche a munthu popanda chilolezo chake, ndipo chilango chikhoza kufika zaka 3 m'ndende. Ndiye aja amalemba kuti tikamupeza wakubayo timuotche adziwe kuti akudzilembera okha umboni. Kuipitsa mbiri nako kumalipiritsa. Mu 2013 khoti lalikulu ku Pretoria linalamula mwamuna ndi mkazi wake kulipira R40,000 pa zimene zinalembedwa pa Facebook, chonsecho mwamunayo sanalembe, anangotagidwa n'kusiya dzina lake pamenepo. Adimini amene wauzidwa kuti pagulupu pali uthenga wonyoza munthu, iye n'kuusiya dala, akudziika pamalo ovuta. Za ngongole nazonso: kuponya chithunzi cha munthu n'kulemba kuti wakuba chifukwa wachedwa kubweza ya chipeleganyu si ntchito ya pagulupu, ndi ya komiti.

Alendo osadziwika, ndi gulupu yotsala yopanda mwini

Mukaona manambala achilendo akulowa n'kuyamba za forex kapena za asing'anga, linki yanu yoitanira anthu yayenda. Pitani pa "Invite via link", dinani "Reset link", yakaleyo ifa pomwepo. Kenako yatsani "Approve new members" kuti wolowa aliyense azidikira chilolezo, ndipo musavomereze munthu amene palibe membala womudziwa. Chenjezaninso anthu za uthenga wochokera kwa "mnzawo" wopempha nambala 6 zimene zangobwera pa SMS. Ukapereka, WhatsApp yako yapita, ndipo wakubayo amayamba kupempha ndalama m'dzina lako. Akalanda ya msungichuma ndiye tsoka la bungwe lonse. Adimini aliyense ayatse "Two-step verification" lero lomwe, ndipo nambala ya akaunti yolandirira chipepeso ikasintha mwadzidzidzi, imbani foni mumve mawu ake musanatumize kanthu.

Vuto lomaliza ndi la ife a kuno makamaka. Adimini anapita kumudzi pa Khirisimasi osabwereranso, kapena foni anamulanda ku Hillbrow, kapena ali ku Lindela, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo, ndipo gulupu anaisiya yotseka. Adimini yekhayo akatuluka mwa kufuna kwake, WhatsApp imasankha wina mwachisawawa, mwina mnyamata wa Bullets uja. Koma akangosowa osatuluka, palibe chimachitika. Akaunti yosagwiritsidwa ntchito imafufutidwa pakatha masiku pafupifupi 120, ndipo bungwe la maliro silingadikire miyezi inayi. Zikafika apo tsegulani gulupu yatsopano kuchokera m'buku la mlembi, n'chifukwa chake manambala a mamembala ayenera kukhalanso papepala. Popewa zonsezi maadimini akhale atatu, okhala madera osiyana komanso ogwira ntchito nthawi zosiyana. Dziwaninso kuti amene anatsegula gulupu sangachotsedwe pa uadimini ndi anzake, amachoka yekha akafuna, ndiye wotsegula akhale munthu amene bungwe lamusankha, osati amene anali ndi data tsiku limenelo. Wosintha nambala agwiritse ntchito "Change number" m'malo mongotaya simu, ndipo mlembi azichotsa manambala a anthu amene anabwerera kumudzi kapena anatisiya, chifukwa makampani a mafoni amadzapereka nambala yogona kwa kasitomala wina.